Manja a Mwana wa Telala

Mwana wa telala anabadwa wosamva, ndipo kwa zaka zingapo m'nyumbamo ankangomusunga ngati mphaka: kumupatsa chakudya, kumusuntha akatseka njira. Kenako anthu ena achifundo anamupezera malo kusukulu ya ana osamva, yogonera komweko, kutali ndithu. Atabwera kutchuthi koyamba, mayi ake anangoti kukamwa yasa. Kamtsikana kaja kankayankhula! Osati ndi pakamwa ayi, koma ndi manja, ndipo kanali kolongolola kuposa azakhali ake onse kuwaphatikiza.

Mayiwo anaphunzira nawo. Sukulu yawo inali kachipinda kakumbuyo kwa shopu, komwe ankasitira zovala za makasitomala. Mwana ankawagwira zala nkumazipinda mmene ziyenera kukhalira, akaphonya ankawaseka mpaka kugwira m'mimba. Anawaonetsanso dzina la m'manja limene anzake akusukulu anamupatsa: chala chimodzi kugunda pachibwano, pomwe anali ndi kachipsera. Tchuthi chikatha, mayiwo ankatsala ndi simbi yawo, nkumadzigunda pachibwano ali okhaokha, misozi ili mbwembwembwe. Sukuluyo ankaithokoza, komanso pansi pa mtima ankaichitira nsanje.

Atelala za manjazo analibe nazo ntchito. "Mukuthamangitsa ntchentche?" ankatero akawapeza. Koma chaka china mnyamata wawo wantchito anachoka maoda a yunifolomu atawunjikana, ndipo mtsikana uja, ali patchuthi, anakhala pamashini achiwiri. Anasoka kolala yowongoka bwinobwino. Atelala anaitembenuza uku ndi uku kufuna pomudzudzulira, osapapeza. Maso awo anatseguka tsiku lomwelo. Wantchito wosamva miseche, wosacheuka njinga yamoto ikadutsa, wosayankha mwano, ungamupezenso kuti?

Sukulu zitatsegulira, mwana sanapite. M'shopu munakhazikitsidwanso lamulo lakuti manja ndi a nsalu. Vuto linali lakuti mwanayo akafuna kunena kanthu ankayenera kusiya nsalu, ndiye mashini ankaima. Akangoima, bambo ake ankamenya tebulo ndi rula kuti kunjenjemerako kumufike m'zigongono.

"Bambo ake, mwanayutu kusukulu amakhoza," mayiwo anayesa kunena tsiku lina.

"Iwe, anabereka ndani, ine kapena aphunzitsi? Bambo anga anandikhazika pamashini miyendo isanafike pansi. Ndafa?"

Anakambirana mpaka pomwepo.

Aphunzitsi aja ndi amene anakatsina khutu ofesi yoona za ana. Masana ena kunabwera mayi wa kuofesiko, thukuta lili kamukamu, chikwama kukhwapa, akuoneka kuti makomo omwe amayenera kuyenda tsiku limenelo anali ambiri. Atelala anamupatsa mpando mwaulemu wonse, nkupitiriza kudula nsalu.

"Bambo, mwana si katundu. Ali ndi ufulu wake," anatero mlendoyo.

"Ufulu wakewo umadya kuti, mayi? Si pakhomo panga pano?"

"Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Ndiye katengeniko kwa aneba, ali nawo ambiri."

Mlendoyo anausa moyo. "Chabwino, ndimve kwa mwiniwake. Womasulira wathu sanabwere. Alipo amene amamva chinenero chake pano?"

Atelala analoza mkazi wawo ndi sizasi. Mayiwo anapukuta manja pachitenje nkuima pamaso pa mwana wawo. Funso analifikitsa monga analilandirira, osachotsa kanthu: ukufuna kubwerera kusukulu, kapena kukhala pano?

Manja a mtsikanayo anauluka. Anati akufuna kupita, lero lomwe ngati nkotheka. Anatchula anzake mmodzimmodzi, anatchula mayeso amene anzakewo akukonzekera, anatchula rula. Anati muno amakhala ngati watsekeredwa m'kabati, woyankhula naye ndi mmodzi yekha, inuyo amayi, pobisalanso. Pomaliza anagwira mayi ake pamkono nkuwakankhira kwa mlendo uja, kuti auzeni, auzeni zonse.

Sizasi ya atelala inali itasiya kulira. Ena angati mayiwo anaopa amuna awo, ndipo mantha analipodi. Koma chimene chinawamanga lilime si sizasiyo. Anaona kachipinda kakumbuyo kali zii, iwo ndi simbi basi. M'nyumba monsemo, munthu yekhayo amene ankawafunsa mmene adzukira anali mwana ameneyu. Anamunyamula m'mimba ndi iwo, anaphunzira kupinda zala zouma chifukwa cha iye, ndiye amupereke ndi pakamwa pawo pomwe? Wanga uyu, mtima unatero, mofanana ndendende ndi mmene amuna awo ankanenera.

"Akuti ali bwino pano," anatero, mawu ali pansipansi. "Akuti kusukulu ankatisowa. Kusokaku akukukonda."

Mlendoyo akanangolemba funsolo pakapepala, mwana akanadziyankhira, poti kulemba ankadziwa. Koma ndani angakayikire mayi? Mlendoyo anamwetulira nkugwedeza mutu. Mtsikanayo ataona kumwetulirako anaganiza kuti zatheka, anamugwira dzanja ndi manja onse awiri, nkhope ili ngwee.

"Zikuonekadi kuti ndi wokondwa," anatero mlendoyo akutseka chikwama. "Pepani kuti ndakusokonezani pantchito."

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Madzulo omwewo mtsikana analongedza m'chikwama chake: yunifolomu yake, nsapato, mswachi. Chikwamacho anachiika pafupi ndi phazi la mashini kuti akadzabwera kudzamutenga asadzachedwe. M'mawa uliwonse ankafunsa mayi ake kuti liti, iwo nkumayankha kuti mawa. Galimoto ikaima panja mwanayo ankaona mthunzi wake pakhoma nkudzuka, rula nkugwa patebulo. Mayiwo anayamba kuonda. Anapsereza malaya a kasitomala, chinthu chomwe sanachitepo chikwatiwire.

Kenako tsiku lina mwana anawatsatira kuchipinda chakumbuyo nkutseka chitseko. Ulendo uno sanafunse kuti liti. Anafunsa kuti: munawauza chiyani amayi aja?

Mayiwo anakweza manja kuti ayankhe, manja nkungoima m'malere. Pakamwa panali patazolowera kunama, koma zalazi anaziphunzitsa ndi mwana yemweyu, ndipo bodza lalikulu chotero sizinalidziwe. Anazibweza pasimbi. Mtsikanayo anawayang'ana nthawi yaitali, osalira, kenako anatuluka.

Anamasula chikwama chija pamaso pa onse. Yunifolomu anaiyala patebulo, nkutenga kalezala, nkuchotsa mabatani limodzilimodzi monga amachitira ndi zovala zotha ntchito. Mabataniwo anawaponya m'chitini cha shopu, nsaluyo anaiika pamulu wa zigamba. Atatero anakhala pamashini.

Mayi ake anadzaima kutsogolo kwake nkudzigunda pachibwano. Anagundanso, mpaka panayamba kuwawa. Mwana maso anali pasingano. Munthu wakumva ungamukuwire ngakhale atakufulatira, koma wosamva akakana kukuyang'ana, watseka zonse. Mayiwo anawerama kuti nkhope yawo ifike pafupi ndi nsalu, iye anangoisuntha nsaluyo pang'ono kuti mthunzi wawo usamutchingire msoko.

Pofika madzulo, atelala anayang'ana onse awiri, tepi yoyezera ili m'khosi, akumwetulira mokhutira.

"Waona, mayi ake? Wakula mwanayu," anatero. "Lero lonse mashini sanaime."