Dzanja pa Phewa la a Aukje

Hilke ankadya za zithunzi. Ntchito yake, pakampani ina yogulitsa zovala pa intaneti ku Leeuwarden, inali yofufuta: kachiphuphu pachipumi, tsitsi loimirira, nthambo ya magetsi yodutsa kumwamba. Anali atazolowera moti ankafufuta maganizo ali ku nkhomaliro.

Mayi ake, a Aukje, atamwalira, abale a ku Canada anapempha tsamba la pa intaneti loti aziwakumbukirapo. Hilke anavomera, koma mumtima ankapangira munthu mmodzi basi, bambo ake, a Douwe. Maso awo anali kupita. Adokotala anali atanena mosapsatira kuti chisanu chikamadzabweranso, nkhope za anthu azidzaziona ngati nkhungu. Iye ankafuna kuti awaone akazi awo bwinobwino maso asanatheretu.

Ndiye anakana tizilembo totuwa tija anzake akuntchito amati n'tamakono, tomwe ngakhale wamaso abwino amatiwerenga atakwinya nkhope. Anaika zilembo zikuluzikulu, zakuda bii pamalo oyera mbee, mizere ifupiifupi, mipata yoti maso apumirepo. Pamwamba anaika chithunzi chakale, mayi ake ataima pakhoma lotchinga nyanja, mphepo ikukupiza mpango wawo. Anachiyeretsa mpaka kukhala ngati chajambulidwa dzulo.

Lamlungu masana anapalasa njinga kupita nalo kwawo. A Douwe, munthu wosayamika msanga, anakankhira khofi pambali n'kuwerenga mokweza, mzere ndi mzere, osaphonya. Atamaliza anamufunsa kuti waphunzira liti kulembera anthu, pakuti kale ankalembera nyerere. Hilke anaseka, misozi ikulengeza. Chiikire maliro, aka kanali koyamba kuwamva akusereula.

Kenako a Douwe anasendeza nkhope pafupi ndi chithunzi, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi la kompyuta.

"Nanga ine ndili kuti?"

Hilke anawakumbutsa mofatsa kuti pachithunzicho panali amayi okha.

"Iyayi, mwanawe. Panali dzanja langa, paphewa apa."

Hilke anayang'ananso paphewa paja. Analikumbukira: zala zinayi chakumphepete, zopanda mwini, wojambula atadula thupi lonse. Kuntchito dzanja lotero ndi chinyalala, umalichotsa osafunsa munthu. Nayenso anali atalichotsa, n'kusokererapo nsalu ya jekete mwaluso moti sungadziwe.

A Douwe sanakalipe, ndipo n'zomwe zinamupweteka kwambiri. Anangofotokoza kuti a Aukje sankalola kugwidwa pagulu, ngakhale tsiku la ukwati lenilenilo. Ukayerekeza, ankagwedeza phewa ngati pawatera ntchentche. Tsiku lija lokha, kaya inali mphepo kaya chiyani, anangolisiya dzanjalo likhale.

Mwayi wake, anthu a ntchito imeneyi chithunzi choyambirira sachikhudza, amakonzera pa chinzake. Hilke anachitsegula. Dzanja linalipo, koma mumthunzi, lodera ngati jekete yomweyo. A Douwe anatsinzina diso limodzi, anapendeketsa mutu, mapeto ake anati sakuona kanthu, asavutike nazo.

Asavutike? Hilke analuma mano. Luso lomwe lija lofufutira analitembenuza. Anawalitsa zalazo chimodzichimodzi, anadetsako jekete kuti zisiyane, mphete nayo anaipatsa kuwala pang'ono. Anafunsa ngati akuona. Anati mwina. Iye anakulitsa, anakulitsabe, mpaka nyanja inatuluka, mpango unatuluka, pagalasi panangotsala phewa ndi zala.

"Bambo, nkhope ya amayi yachoka. Dikirani ndichepetseko."

A Douwe anamugwira pamkono.

"Lekeratu pomwepo. Nkhopeyo ndili nayo, ngakhale maso atseke mawa. Ichi n'chimene ndinayamba kukayika, kuti kodi anandiloladi, kapena ndinangolota?"

Anayang'anitsitsa zala zawozo.

"Anandilola," anatero.