Wolira Akhale Mmodzi

"Chifuwa chimenechi sichifuna fungo la vanishi wa matabwa," anatero namwino tsiku limene Amakaniko ankatuluka m'chipatala. "Ngati simungathe kuleka, ntchito yanuyo muzigwirira panja, apo ayi khomo likhale pululu." Mwana wawo wamwamuna anati wamva. Mpongozi wawo, khanda lili kumsana, anatinso wamva. Eni akewo anangoseka, n'kufunsa namwinoyo ngati ankadziwa komwe amagulitsa maginito.

Tsopano maliro anali atatha, alendo atabalalika, ndipo mpongoziyo anaima pakhomo la chipinda chakumapeto, tsache lili m'manja, osalowa.

Chinthucho chinali pomwe anachisiya. Inali gitala, koma osati yokolekera pachifuwa: thabwa lalitali logonekedwa pa miyendo inayi, nsambo zitayalidwa pamwamba pake. Pansi panali zopondera zolumikizidwa ndi masipoko a njinga, m'mbali timipini tokankha ndi maondo. Woyimba amakhala pampando, akutsetsereza kachitsulo kosalala pa nsambo, phazi likuponda, mawu n'kumapindika ngati a munthu wobuma. Amakaniko anaiona pa foni ya kasitomala atatsala pang'ono kupuma ntchito yokonza njinga zamoto, ndipo chiyambire pamenepo waya sanatayidwenso m'nyumbamo. Oyandikana nawo ankati atsegula utelala.

"Lero mukusoka chiyani, Amakaniko?"

"Nyimbo. Mubwere mudzayese ngati ikukwanani."

Mpongoziyo sankadana nayo gitalayo. Kungoti mwana wake, woyamba, sankagona. Ankalira mpaka kupsa mtima, ndipo mayiyo anali atasanduka munthu wowiritsa chilichonse, wodzuka kukaika chala pamphuno ya khanda kuti amve ngati likupuma. Masana ena mwana atangotseka maso, nsambo inabuula kuchipinda chakumapeto, fungo la vanishi likutsata pambuyo. Mwana anadzidzimuka. Iye anapita pakhomo paja, akumwetulira kuti mawu asalemere.

"Bambo, m'nyumba muno wolira akhale mmodzi."

Mwamuna wake anaseka. Amakaniko ndiye anaseka koposa. "Zoona, mayi. Ndipotu wamng'onoyo ndi amene ali ndi mawu abwino."

Kuyambira tsiku limenelo chitseko chinkakhala chotseka. Zenera nalonso, poti linkayang'ana kukhonde komwe iye ankayamwitsira. Kunsi kwa chitseko anatsekako ndi chiguduli. Iye anaziona zonsezo, monga ankaonera chilichonse m'nyumbamo, ndipo mtima wake unakondwa. Mwana anagona, iyenso anagona. Tsiku limene Amakaniko ankapaka vanishi womaliza, mpongoziyo anapita kukawaitana kuti tiyi wapsa, n'kuwapeza ali pansi, burashi ili m'manja. Kuchipatala sanatsegulenso maso.

"Mlamu, mwaima ngati mwaona njoka." Anali achemwali a mwamuna wake, amene anabwera kuchokera kutali kudzaika bambo awo ndipo tsopano ankalongosola nyumba asanabwerere. "Lowani musese. Mawa m'mawa tilowetsa kabedi ka mwana muno."

"Muno?"

"Nanga kuti? Mukupanikizana atatu m'kachipinda kaja pamene kuno kumalowa dzuwa. Chitelala ichi chipite kukhonde, alipo oyimba amene achifunsa kale."

"Koma fungoli, alamu. Mwana sangagone muno."

"Fungo limatha ndi zenera." Achemwaliwo analowa n'kulikankha ndi chikhatho. "Ndipo chimene chikundisowetsa tulo ine n'chimenechi. Munthu wamkulu, wouzidwa ndi achipatala, kudzitsekera ngati nkhuku yofungatira mazira. Mpaka chiguduli. Ankabisa chiyani?"

Mwamuna wake ankadutsa atasenza mipando yobwereka. Anaima, koma sanaitule.

"Mukuwadziwa bambo ndi makani awo," anatero, napitirira osayang'ana mkazi wake.

Achemwaliwo anamugwira mkono mpongoziyo. Dzanja lawo linali lofunda. "Inu ndiye mwatigwirira ntchito. Ine mwana wawo ndili kutali, inu mukuwaphikira, kuwachapira, khanda lili kumsana. Pa foni sankamaliza nkhani osakutchulani. Chipindachi n'chanu. Musachite manyazi."

Akanamutukwana zikanapepuka.

Mpongoziyo anamupeza mwamuna wake kuseri, akusanja mipando ija m'mbali mwa khoma.

"Ndiwauza."

"Uwauza kuti chiyani? Kuti unanena nthabwala? Inenso ndinaseka."

"Mawu aja ndi amene anatseka chitseko."

"Chitseko anatseka ndi dzanja lawo." Anatsitsa mawu. "Achemwali akangomva, sadzakuyang'ananso kumaso mpaka imfa, ndipo bambo sadzuka chifukwa choti walankhula. Landira chipinda, uthokoze, nkhani ithe."

"Ndiye mwana wanga azigona pomwe bambo anagwera?"

"Mwana sakudziwa kanthu."

"Ine ndikudziwa."

Mwamunayo anapukuta nkhope ndi malaya. Maso ake anali ofiira chiyambire tsiku la kuchipatala, ndipo mkaziyo anaona kuti nayenso akusenza katundu wake, amene sakufuna kuti wina amugwedeze.

Dzuwa litapendeka mpongoziyo anam'goneka mwana, nalowa m'chipindamo. Anayamba ndi m'makona: fumbi la matabwa, tizidutswa ta sandipepa, waya wopyapyala ngati tsitsi wotsala pokulunga maginito a gitalayo. Anazungulira gitalayo kawiri osaikhudza. Kenako tsache linakodwa kunsi kwake, ndipo anagwada kuti alimasule.

Chopondera chilichonse chinali chitavala sokosi.

Anazidziwa, poti ndi iye ankazichapa: zaubweya, zotuwa, zimene Amakaniko ankavala kukazizira. Zinamangidwa bwinobwino ndi timalamba ta chubu, ndipo pomwe chitsulo chimagunda chinzake panali kansalu kopindidwa, kodulidwa ku sokosi ina. Anakanikiza chopondera chimodzi ndi dzanja. Chinatsika, sipoko inakoka, nsambo pamwamba inamangika, koma sipanamveke ngakhale kuti kwe. Ndipo anakumbukira manyazi amene anamva kuchipatala, anamwino akuwavula nsapato n'kupeza mapazi osavala kanthu m'nyengo yozizira, iye akuganiza kuti anena kuti mpongozi sasamala.

Anakhala chogwada mpaka maondo anachita dzanzi. Kukhitchini achemwali ankatsuka makapu, akufunsa mokweza ngati kabedi kaja kangalowe osakamasula miyendo.

Mwamuna wake anabwera kudzaima pakhomo.

"Wamaliza?"

"Basi yoyamba imanyamuka kusanache," anatero osatembenuka. "Ndipita kwa amayi ndi mwana. Achemwali muwauze chimene mufuna."

"Ubwera liti?"

Sokosi ya chopondera chakumapeto inali itatsetsereka, chitsulo chikuonekera. Mkaziyo anaikokera m'malo mwake, namanganso kalamba kaja, mfundo ziwiri, monga zinalili pa zinzake.