Mkanjo wa Norman

"Suti ayi, alamu," anatero Petro ataima pakhomo la chipinda chogona. "Amayi akuti avale mkanjo."

Getrude sanatembenuke. Anapitiriza kuchotsa timaulusi pa kolala ya suti yakuda imene anaiyala pabedi. Mwamuna wake, Norman, anamwalira Lolemba ndi vuto la mtima, akutsitsa makina okolopera m'galimoto panja pa nyumba yawo ku Ellenbrook, mumzinda wa Perth ku Australia. A kampani yoona za maliro ankafuna zovala pofika Lachisanu.

"Suti iyi tinasankha limodzi," anatero Getrude.

"Ndikudziwa. Koma thupi tawamana kale. Mwana wawo agona kuno ku Perth, iwo adzangoonera pa foni ali ku Dedza. Akupempha chinthu chimodzi chokha, kuti amuone komaliza atavala zoyera. Mukudziwa kumene kunali mtima wawo."

Getrude ankadziwadi. Norman, mkulu wake wa Petro, anali ku seminale ali mnyamata, ndipo anatulukako kudzakwatira iye. Apongozi ake sanamulankhulepo mawu oipa, komanso sanamuitanepo ndi dzina.

Ku seminaleko n'kumene wansembe wina wa ku France anaphunzitsa Norman mawu akuti aube, amene amatchulidwa kuti obu. Mlendo aliyense wobwera pakhomo ankamva nkhani ya mawuwa. Norman ankafotokoza kuti m'Chifalansa amatanthauza m'bandakucha, koma ndi dzinanso la mkanjo woyera wovala pa Misa, dzina la mtsinje wina ku France, ndi la chigawo chimene mtsinjewo umadutsa. Ngati kuti zimenezo zinachepa, iye anawonjezera zake. Kakampani kake koyeretsa maofesi m'tauni kanali Aube. Galimoto inali Aube. Galu wawo woyamba, intaneti ya m'nyumba, ngakhale dzina lachiwiri la mwana wawo Tisungeni, zonse Aube.

Anthu ankaseka, Getrude nayenso ankaseka nawo. Koma mumtima ankati munthu wotchula dzina limodzi paliponse ali ndi chimene akuchilira. Norman atayamba kutumikira pa guwa ku parishi yawo ya ku Midland, anagula mkanjo wakewake. Lamlungu lililonse Getrude ankamuona ataima pambali pa wansembe, nkhope ili phee, ndipo ankadzimva ngati mkazi amene anaba munthu wa eni.

"Chabwino," anatero potsiriza, akupinda suti ija. "Ndikautenga mawa."

M'mawa mwake Tisungeni ndiye anayendetsa galimoto. Anakulira ku Perth, ndipo Chichewa chake chinkatuluka mokakamira akakwiya.

"Mami, simuyenera kuvomera chilichonse chimene ankolo anena. Adadi anali mwamuna wanu."

"Ndi agogo ako anamubereka."

"Koma inuyo mukufuna chiyani?"

"Yang'ana kutsogolo, iwe," anayankha Getrude.

M'tchalitchi anapeza mayi Lister, Mzambiya wa ku Chipata amene ankachapa ndi kusoka nsalu za pa guwa. Mayiyo anasiya maluwa amene ankakonza, nakumbatira Getrude nthawi yaitali. Atamva chimene abwerera, anawatsogolera kuchipinda chosungiramo zovala za Misa, koma atagwira chitseko cha kabati anaima.

"Ba Getrude, ba Norman sanakuuzeni?"

"Kundiuza chiyani?"

Lister anatulutsa mkanjo n'kuukweza m'mwamba. Dzina la Norman linali pa kolala. Koma m'munsi munali modulidwa, kuyambira cha m'mawondo, ndipo mzere wake unali wokhotakhota, ulusi ukulendewera.

"Wachita ndani zimenezi?" anafunsa Tisungeni.

"Batate bako," anatero Lister.

Anakoka mipando, onse nakhala pansi. Anafotokoza kuti chaka chatha, nthawi yozizira, mtsikana wina wa m'parishimo dzina lake Namukolo anabereka mwana wosakwana masiku. Analibe achibale kuno, ndipo mwamuna wake anali kutali ku migodi. Madokotala atanena kuti mwanayo mwina safika mawa, Namukolo anapempha ubatizo. Wansembe ananyamuka, ndipo Norman, amene anali atangomaliza kutumikira Misa ya m'mawa, anafunsa ngati mwanayo ali ndi chovala choyera.

"Ninabauza kuti kulibe sitolo yogulitsa kovala kang'ono so. Kamwana kanali monga dzanja langa ili. Manje beve banangovula mkanjo, banatenga sizasi yanga, gwa, gwa, gwa. Ati, mayi Lister, sokani msanga, ine nilize galimoto."

"Ndiye Lamlungu ankavala chiyani?" anafunsa Getrude.

"Banali kubwereka wa parishi. Simunaone kuti manja banali kupinda?"

Getrude anali ataona. Ankaganiza kuti mwamuna wake wayamba kuonda, ndipo anamuwonjezera chakudya cha masana.

"Nanga mwanayo?" anafunsa Tisungeni motsitsa mawu.

"Alipo! Ayenda manje, avutitsa pa Misa. Ni kaja kamene kamathawira ku kwaya." Lister anaseka, kenaka napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Amake banafuna kumupatsa dzina la Norman, koma ni kakazi. Ndiye banafunsa kuti dzina lija lili pa galimoto litanthauza chani. Ba Norman ati ni m'bandakucha, nthawi ija mdima ukalibe kusila koma waona kale kuti uzasila. Kamwana ni ka Aube."

Tisungeni anaphimba pakamwa ndi dzanja. Getrude anatenga mkanjo uja nauyala pamiyendo. Anayendetsa chala pa mzere wodulidwawo, kuchoka mbali ina kufika mbali ina. Zaka zonsezi ankauopa mkanjowu, osafuna n'kuuchapa komwe, pamene mwini wake anaudula mopanda kuganiza kawiri.

Getrude anaimbira Petro foni pomwepo namuuza zonse.

"Ndiye amayi ndiwauza chiyani, alamu?"

"Musawauze. Ndiwaimbira ndekha madzulo ano. Avala suti, koma zoyera azionanso."

"Muwaimbira inuyo?"

"Ine ndemwe."

Atadula foni anapempha sizasi. Lister anaitulutsa m'thumba la epuloni.

"Ndingotengako kansalu ka m'thumba la jekete," anatero Getrude. "Yotsalayi sungani. Ana obadwa msanga sadzatha."

"Lekani niyambe nawongola apa banakhotetsa," anatero Lister, akutambasula dzanja.

"Ayi, asiyeni momwemo."

Getrude anayala nsaluyo patebulo. Tisungeni anagwira mbali inayo kuti isatakwinyika. Ndipo pang'onopang'ono Getrude anayamba kudula, akutsata mzere wokhota umene mwamuna wake anasiya.