Tsaya la Kumanzere

Chotupa chimene madokotala anachotsa kuseri kwa khutu la Atuweni chinali chaching'ono ngati mtedza, koma chinapita ndi mtsempha woyendetsa nkhope. Tsaya la kumanzere linangoti lende. Atuweni, nesi wanthabwala amene ankaseketsa wodi yonse, anayamba kukwera basi ya ku Evington, kumene ankakhala, atakulunga sikafu mpaka m'mphuno.

Za anthu a m'basi analibe nazo ntchito kwenikweni. Chomudya mtima chinali Thandi, khanda lake. Bambo a mwanayo, a Cuthbert, akangolowa, mwana ankaseka mpaka dovu. Kwa mayi ake ayi, ankangowayang'anitsitsa, duu. Atuweni naye sankayerekeza kumumwetulira, poopa kuti nkhope yopotokayo imuopsa.

"Mwana wanga akula osadziwa kuti ndimakondwera naye," anadandaula kwa mwamuna wake.

Ndiye atamva za kafukufuku wina, anathamangira. Dokotala Akhtar anamufotokozera kuti atenga timaselo tokonza thupi, totchedwa ma stem cell, m'mafuta a pamimba pake, awaike pamene mtsempha unaduka, mwina uphukanso. "Tikungoyesa, sitikulonjeza kanthu," anatero. Kodi Atuweni anamva zimenezo? Unesi wonse uja unathawa, iye anangomva zoti uphukanso.

Dokotalayo anamuuza kuti azichita mafizo a nkhope pagalasi. M'mawa uliwonse ankabereka Thandi ndi chitenje, n'kuima m'bafa, kukoka milomo, kukweza nsidze. Kumanja kunkamvera. Kumanzere, zii. Chisanu chinabwera, chinapita, mwana anayamba kukwawa.

Tsiku lokaunikidwa komaliza, dokotala anayang'ana makina ake nthawi yaitali. "Pepani, mayi. Mtsempha sunagwire."

M'mawa wotsatira anaimabe pagalasi paja, chizolowezi basi. Anakoka milomo. Paphewa pake panasuzumira kankhope ka Thandi, ndipo mwanayo anakweza tsaya la kumanja lokha, lina lili phee.

Mayo! Atuweni anamutsitsa msangamsanga. Matenda omwewa? Anamutsina pang'ono pantchafu. Thandi analira, nkhope yonse inakwinyika bwinobwino, mbali zonse ziwiri.

Mwana analibe vuto. Anali atangophunzira kumwetulira ngati mayi ake.

Atuweni anakhala pansi m'bafamo, n'kumupukuta misozi mwanayo. Thandi atatonthola anayang'ana mayi ake m'maso, anakwezanso tsaya limodzi lija, n'kudikira kuti amuyankhe.