Mankhwala a m'Thupi mwa Faustina

Faustina ankaphunzitsa sayansi pasekondale ya masana kwa Njombwa, ndipo ankakhala kwawo kwa mwamuna wake Levison, mlimi wa fodya. Chotupa cha pakhosi pake chitapezeka kuti ndi khansa, anamuchita opaleshoni, kenako anamutumiza kuchipatala cha kunja kukamwa ayodini wotulutsa cheza, woti akaphe zotsalira za matendawo.

Pomutulutsa, dokotala anati poti cheza chotsalira m'thupi mwake chikhoza kuvulaza ena, kwa milungu iwiri azigona yekha, asanyamule mwana, kapu ndi mbale zikhale zakezake. Atafika kumudzi anayala mphasa m'chigafa, pansi pa fodya amene anali atayamba kuuma. Mwana wake Thoko, wa zaka zitatu, ankaima chapatali n'kumalira, agogo ake atamugwira dzanja.

Tsiku lina masana Levison anabwera kudzaona fodya, koma sanalowe.

"Kodi zimenezi zidzatha liti, mayi a Thoko?"

Faustina anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi ngati ali m'kalasi. "Mphamvu yake imatsika ndi theka masiku asanu ndi atatu alionse. Akadutsa ena otero, yatsala theka la theka. Kenako theka la chotsalacho."

"Nanga kutheratu?"

"Pamasamu sitheratu ayi, bambo a Thoko. Imangochepa mpaka osaopsanso."

Levison anangomva zoti sitheratu. Anakawauza mayi ake, ndipo pofika Lamulungu mudzi wonse unkadziwa kuti mphunzitsi uja wabwera ndi poizoni wosatha. Amayi anzake analeka kumupatsa moni pamjigo. Levison anatulutsa fodya yense wa m'chigafamo n'kumutentha, poopa kuti mpweya wa mkazi wake wamulowa. Faustina anaonerera utsiwo.

Milungu iwiri itakwana anasamba, anavala nsalu yatsopano n'kupita kukanyamula mwana. Apongozi ake anamulowetsa Thoko m'nyumba n'kutseka chitseko.

"Amayi, dokotala anati tsopano palibe vuto."

"Munanena nokha kuti sizitha," anayankha ali m'kati.

Anafotokoza kwa Levison, kwa ankhoswe, kwa akulu a mpingo. Onse ankagwedeza mutu momumvetsa, koma atakhala patali. Mapeto ake mchimwene wake Goodwin anabwera panjinga yamoto n'kumutengera kwawo ku Mtunthama.

Khansayo sinabwererenso. Patapita chaka apongozi ake anamulola kukaona mwana patchalitchi, mapemphero atatha. Faustina anagwada n'kutambasula manja. Thoko anamuyang'ana bwinobwino, anabisa manja kumbuyo n'kubwerera pang'ono, monga anamuphunzitsira.