Siketi ya Sajeni Tumpale

Sajeni Tumpale Mwakalinga anayamba kukayika tsiku limene telala wa ku kambi ya asilikali anamuitana kuti akamuyeze. Chilowereni usilikali, ndani anamuyezapo? Ankangomuponyera buluku la amuna, iye n'kulipinda m'chiuno, m'majombo n'kufutikamo nyuzipepala kuti asavuke. Ndiye lero tepi m'mapewa, tepi m'chiuno, ndi "pepani afande" pamwamba. Nkhuku akayamba kuithira chimanga chambiri ndiye kuti kukubwera alendo.

Nkhawa yake inali perete. Anali atathera masabata pafumbi la ku Mbeya akuphunzitsa gulu lake kuguba, mpaka mawu kusasa. Kumabwera mkulu wa asilikali, ndipo kwa nthawi yoyamba mkazi ndiye amayenera kutsogolera. Mkaziyo anali iye.

Basi anayamba kuona zinthu. Sajeni Lugendo, mlesi wodziwika kambi yonse, Tumpale anamupeza kuseri kwa khitchini akuyeserera kufuula malamulo, ati akungochotsa chifuwa. Meja Kibwana, amene moni ankayankha ndi mphuno, anamugulira tiyi ndi mandasi ku kantini, n'kumufunsa za ana. Tumpale anamwa tiyiyo ngati mankhwala.

Yunifolomu itafika inali yokongola, tisaname. Jekete yogwira bwino, mabatani onyezimira, nsapato za gogoda, ndi siketi yothina. Atadziona pagalasi mtima unamukomera, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa. Kenako anayesa kukweza bondo monga amachitira poguba. Siketi inaligwira bondolo lisanafike n'komwe pakati.

Anathamangira kwa telala uja n'kumupanikiza kuti anene amene anamuuza kasokedweko, kaya ndi Meja kaya ndi Lugendo. Telalayo analumbira kuti si amenewo. Anali Kaputeni Lyimo.

Tumpale anangoti kakasi. Kaputeni Lyimo anali mayi amene anamulandira ali mbuli, amene ankamuikira kumbuyo amuna akamamuseka. Anawapeza ku ofesi.

"Afande, siketi ija munasankha ndinu?"

"Ndine, mwanangu. Zaka zonsezi takhala tikuvala zotsala za amuna ngati zoopsezera mbalame. Ndakhala ndikupempha kuti tikhale ndi zathu, amangondikanira. Koma ulendo uno anavomera mosavuta."

"Anavomera liti?"

Onse awiri ankadziwa kuti anavomera dzina la Tumpale litangotchulidwa pa za perete. Mayiyo anayang'ana pansi, ndipo Tumpale anawamvera chisoni kuposa mmene ankadzimvera yekha.

Anapita kwa Meja kukapempha kuti avale buluku lake lakale. Meja analankhula mokoma kwambiri. Anati palibe amene wamuchotsa, koma lamulo tsopano likuti mkazi pa perete avale zatsopanozo, ndipo anapempha ndi akazi eni ake. Ngati sangagube nazo, mwamwayi Lugendo alipo. Tumpale apatsidwa ntchito yaulemu, yonyamula mbale ya mamendulo.

Tsikulo Tumpale anaima pambali pa nsanja, mbale ili m'manja, dzuwa likumuwotcha m'khosi. Mkulu wa asilikali anamuyang'ana n'kuyamikira kuti ulemu wa mkazi ndi umenewu. Mawu a Lugendo ankatuluka ngati a tambala wachitopa, koma gulu linaguba bwino, chifukwa linaphunzitsidwa bwino. Zinamuwawa Tumpale, zinamuwawa zedi.

Lugendo atafuula lamulo loti gulu liime, thupi la Tumpale linamvera lokha. Bondo linakwera, phazi n'kumenya pansi limodzi ndi gulu lake, ndipo siketi inangoti phwee mpaka m'ntchafu. Mendulo ngakhale imodzi sinagwe. Kumbuyo wina anaseka. Kaputeni Lyimo anadzuka msanga n'kuima pafupi naye kuti amutchinge.

Meja Kibwana anaweramira kwa mkulu uja, koma mawu ake anawamva onse.

"Mwaona, afande? N'chifukwa chake sitiwaika patsogolo."