Ndevu za a Tanios

"Chokaniko kumeneko, bambo a Rabih! Mukufuna mundifere pakhomo pa njuchi?" anakuwa mayi Wadad.

A Tanios, amuna awo, anali atagwada pafupi ndi mng'oma woyamba, akutsokomola ngati thirakitala yakale, misozi ili chuchuchu. Masiki anali atavala ndithu, koma ndevu zawo zofika pachifuwa zinkakankha mphira wake, nthunzi ya mankhwala n'kumalowera m'mbali.

"Masiki ake ndi achabe awa," anatero atapeza mpweya.

"Achabe ndi masiki kapena tchire lili kumaso kwanulo? Bweretsani kuno. Inu gwirani wotchi, muime kochokera mphepo."

Linali Lolemba la mu Disembala, m'mapiri a kumtunda kwa tauni ya Jezzine, kukuzizira koluma zala. Lachitatu kunali kubwera lole ya a Nazih, achimwene a mayi Wadad, kudzatenga ming'oma yonse khumi ndi iwiri kupita nayo kuminda ya malalanje kufupi ndi mzinda wa Saida, m'mbali mwa nyanja, monga chaka chilichonse. Kumeneko n'kofunda. Mfumukazi ikangofika imayamba kuikira, ndipo nthata za varowa zimathawira m'timabowo ta ana totsekedwa ndi phula, momwe nthunzi siifika. Kuno kumapiri m'zisa munalibe ana, nthata zonse zinali poyera pamsana pa njuchi. Chaka chatha anachedwa, ndipo anataya ming'oma isanu.

Mayi Wadad ntchito anaigwira mwachangu. Ankathira ufa woyera wa okizaliki m'kachikho kachitsulo ka mpini wautali, kukalowetsa pakhomo pa mng'oma, kutseka ndi nsanza, kenako kulumikiza mawaya ku batire kuti ufawo utenthe n'kusanduka nthunzi yopha nthata. A Tanios ankawerenga mphindi chapatali, akulamula ngati kapitawo.

"Zakwana! Chotsani waya!"

"Ndamva, bwana. Musadzitopetse, wotchiyo ndi yolemera."

Anaseka onse awiri. Dzuwa lisanafike pamutu, ming'oma khumi ndi umodzi inali itatha. Unatsala wobiriwira, wa pansi pa mtengo wa maolivi. Mayi Wadad atangonyamula batire, amuna awo anaima kutsogolo.

"Uwu ayi."

"Chifukwa?"

"Ndi wamphamvu. Ukwezeni muone kulemera kwake. Mankhwala a chiyani?"

Mayi Wadad anatsitsa batire. Ankadziwa kuti nkhani sinali mphamvu. Mng'omawo unali wa Fares, mng'ono wa a Tanios, amene anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Ali m'chipatala anati, "Achimwene, wobiriwira uja muzigwira inu nokha." Chiyambireni palibe wina anautsegulapo. Ndevuzo nazonso zinayamba pa maliro omwewo. Masiku makumi anayi a chisoni atatha, amuna ena onse anameta, koma lumo la a Tanios linakhalabe m'kabati. Tsono mng'oma wofuna iwo okha, nthunzi yofuna masiki, masiki osagwira pa ndevu. Mayi Wadad zinawamvetsa chisoni, komanso zinawakwiyitsa.

"Chabwino," anatero. "Ine sinditsegula. Koma pakhomo pokha si m'kati."

Anakatenga zivindikiro ziwiri zoyera za makatoni a maswiti, n'kuzipaka mafuta a maolivi. China anachilowetsa pansi pa mng'oma womwe anaufukiza, china pansi pa wobiriwira.

"Mafuta anga abwinobwino mukudyetsa makatoni," anang'ung'udza a Tanios.

"Anu? Anathyola maolivi ndani inu mukudandaula msana?"

Lachitatu m'mawa lole inafika ikulira ngati ikukoka phiri lonse. A Nazih anatsika akupukusa manja, nalunjika pomwe panali khofi ndi buledi wotentha wowaza zokometsera za zaatara.

"Alamu, ndevuzi zikukulirakulirabe? Tsiku lina dzombe... ayi, njuchi zanu zomwezi zidzamangamo zisa, tidzafula uchi pachibwano!"

"Idyani mwakachetechete, alamu. Pakamwa pamodzi ntchito ziwiri sipatha," anayankha a Tanios.

Mayi Wadad sanalowerere. Anapita ku ming'oma, nabwera ndi makatoni awiri aja, n'kuwaika patebulo pakati pa makapu. Loyamba linali lofiira ndi nthata zakufa, ngati wina wawazapo tsabola wopera.

"Ha! Zonsezi zinali pa njuchi?" anadabwa a Nazih.

"Izi ndi zomwe nthunzi yagwetsa. Tsono onani ili."

Lachiwiri linali ndi timadontho tochepa. A Tanios anamwetulira.

"Mwaona? Si ndinanena? Wa Fares ndi woyera."

"Werengani, bambo a Rabih."

Anavala magalasi, nayamba kuloza ndi kamtengo ka machesi. Anafika makumi atatu ndi zinayi. Kumwetulira kunali kutatha kalekale.

"Izi zagwa zokha," anatero mayi Wadad mofatsa, "popanda mankhwala, masiku awiri okha. Inu mukudziwa kuposa ine kuti zatsala pamsana ndi zingati. Wamphamvu ndi amene anakaba uchi m'ming'oma yathu ija ikufa, n'kubwerako ndi nthata zake. Ukapita ku Saida chonchi, malalanje akamachita maluwa mudzapeza bokosi lokha."

A Nazih anayang'ana wotchi. "Ndiye mlongo wanga aufukize msanga tizipita. Mphindi khumi ndi zisanu si kanthu."

"Sangatero," anayankha a Tanios.

"Nanga inu?"

A Tanios anayang'ana katoni lija nthawi yaitali, dzanja likusisita ndevu. Kenako anadzuka, nalowa m'nyumba.

"Ndawakhumudwitsa kodi?" ananong'ona a Nazih.

"Imwani khofi, achimwene."

Pasanapite nthawi anamva sizasi ikulira m'bafa, tswi tswi tswi, kenako madzi. Mayi Wadad anagwira kapu ndi manja awiri. Zaka ziwiri anapempha, ananyoza, anagula malezala n'kuwasiya pagalasi, osaphula kanthu. Lero ankamva ngati iwo ndi amene alakwa.

A Tanios anatuluka masaya ali mbuu, atadzicheka pawiri, ndevu za pamlomo zokha zitatsala. A Nazih anatsegula pakamwa kuti aseke, koma kuseka sikunatuluke. Chibwano chimenecho, chokhala ndi kadzenje pakati, chinali cha Fares ndendende. Onse anali ataiwala.

"Mukuyang'ana chiyani? Simunaonepo munthu?" anatero a Tanios. "Mayi a Rabih, masiki aja. Inu gwirani wotchi."

Ulendo uno mphira unagwira bwinobwino. Anagwada pansi pa mtengo wa maolivi, anayeza ufa, analowetsa kachikho, natseka pakhomo ndi nsanza. Kautsi koyera kanatuluka pang'ono m'mphepete mwa chivindikiro. Sanatsokomole.

"Zakwana! Chotsani waya!" anakuwa mayi Wadad.

"Ndamva, bwana."

Mphindi khumi zitadutsa anachotsa nsanza, navula masiki, n'kutsamiritsa tsaya lometalo pa thabwa lobiriwira. M'kati njuchi zinkalira bwino, mawu amodzi okhazikika.

"Zili moyo?" anafunsa mayi Wadad.

"Zikunditukwana," anayankha akumwetulira, maso ali onyowa. "Ndi ndevu zija sindinkazimva chonchi."

A Nazih anali atayamba kale kumasula zingwe palole. A Tanios anadzuka, akudzigwira kuchibwano.

"Koma kuzizira kuno, mayi a Rabih! Anthu amakhala bwanji?"

Mayi Wadad anavula mpango wawo waubweya n'kuwakulunga nawo mpaka m'makutu. Kenako anagwira mbali imodzi ya mng'oma wobiriwira, akudikira kuti aletsedwe. A Tanios anawayang'ana, nagwira mbali inayo.

"Kwezani bwino," anatero. "Ndi wolemera."